Ng'oma Ziwiri za a Valentim ndi Moto wa Mapesi

"Komputadoro silakwitsa, titiyo."

Anatero Flávio, mwini situdiyo ya kuseri kwa msika wa pa Ulongwe, khosi atalipendeka chonchi, chala chimodzi chili m'mwamba ngati katekisita. Komputadoro silakwitsa, titiyo! Mawuwo anatulukira pawindo, mayi wogulitsa mapau, timabuledi tija, panjapo anawatola, pofika mawa lake anali atakwera shapa, kaminibasi kaja, mpaka pa Kalomwe. Mpaka lero munthu akathira mchere wambiri m'ndiwo, kapena akagwa ndi njinga m'matope, anzake amapendeka khosi, chala m'mwamba, nkumuuza zomwezo. Amaseka ndithu. Koma amene anauzidwa mawuwo tsiku limenelo sanaseke. Anali a Valentim, aja a ng'oma ziwiri, amene Flávio amawaitana mwaulemu kuti titiyo, ndiye kuti amalume.

A Valentim kwawo ndi ku Lifidzi. Mukawapeza atakhala pansi mungati ndi munthu wamba, wamfupi, chifuwa chopanda nyama, chipewa chaubweya chosachoka kumutu ngakhale dzuwa liswe mtengo. Koma dikirani apinde buluku. Akatumba awo ali ngati maungu awiri amene wina anawabisa m'miyendo poopa akuba. Ntchito yawo kuyambira unyamata ndi njinga, matumba a kachewere awiri, nthawi zina atatu, kuchoka nawo kuminda kukatula pa Kalomwe, pamalire, pamene makamiyau, malole aja, amadikirira.

Ali mwana, nthawi ya nkhondo, anathawira tsidya la Dedza ndi amayi awo. Kumeneko ndi kumene anaona anyamata ena akuimba pamsika, mmodzi akuponda kathabwa, kathabwako nkumamenya ng'oma yogona chammbali. Pobwerera kuno ena anabwera ndi mapoto, ena mabulangete. Iwo anabwera ndi ng'oma imeneyo m'mutu, ndipo atakula anaipanga.

Tsono tsiku lina akukwera chitunda ndi matumba atatu, thukuta lili kamukamu, anayang'ana miyendo yawo. Wamanja uponda, wamanzere uponda, wamanja uponda, wamanzere uponda. Anati, haa, nanga pa ng'oma bwanji wamanja wokha ndiwo uvutike, wamanzere utangokhala ngati mlendo wodikira madzi osamba? Sabata yomweyo anadula mgolo wa mafuta pakati. Zidutswa zonse ziwiri anaziwamba chikopa cha ng'ombe, kukhomera ndi misomali, kumbuyo nkuboola zibowo zoti mawu azitulukira. Mapedalo anasema a matabwa, otambalala ngati zitseko za khola la nkhuku, okoka ndi chubu cha njinga, kumutu kwake zidendene za mashinelo, mapatapata akutha aja. Atakhala pampando nkuponda zonse ziwiri, agalu a m'mudzimo anathawira kudimba.

Dugudugudugu-du! Dugudugudugu-du!

Anthu anawapatsa dzina loti Chigayo. Pa ukwati, a Chigayo akayamba, ngakhale apongozi aja odziwa kukhala mwaulemu mumangoona mapewa ayamba kuwagulitsa. Gulu lawo linali la anthu atatu. José ankaimba gitala, munthu wosalankhula, wogwedeza mutu pa chilichonse. Woimba mawu anali Zita, msuweni wawo, mwana wa amalume awo, mkazi wa pakamwa ngati lumo. Mukudziwa za chisuweni, palibe kuopana. Zita akawaona akubwera amayamba patali.

"Amuna anga awo! Miyendo yafika, nanga munthu ali kuti?"

"Iwe Zita, ukanakhala nkhuku ndikanakudya kalekale kuti m'mudzi mukhale bata."

Koma panali chinthu chimene Zita sankachidziwa. Bondo lamanzere la a Valentim linali litayamba kutupa. Enferimeru wa kuchipatala anawauza kuti m'bondomo mafuta atha, mafupa akukhulana okhaokha, njinga achepetse. Amene ankadziwa ndi akazi awo okha, a Berta, amene ankalithowa ndi kansalu kotentha. A Valentim ankamva okha kuti mwendo uja wayamba kufika mochedwa. Chaka chino ukuthamangabe. Chaka chamawa, kaya. Ndiye Zita atabwera ndi nkhani yoti akajambule nyimbo zinayi kwa Flávio, zoti zizimveka pa radiyo ndi m'matelefoni, iwo mumtima anati, ndi pompano. Mapazi awa alowe m'nyimbo asanakhale pansi, adzukulu adzamve kuti a Chigayo sinali nkhambakamwa.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Junyu, kuzizira kuja kolowa mpaka m'mano. Ng'oma anazimangirira panjinga, imodzi uku ina uku, nafika nazo pa Ulongwe. Situdiyo ya Flávio ndi kachipinda kamodzi, makoma omata makatoni a mazira, matiresi otsamira kuchitseko. Flávio mwiniwake ndi bambo wa mwana mmodzi, anaphunzira za makina ku Tete, ndipo ntchito yake amaidziwa, tisamunamizire. Anaika mikorofoni patsogolo pa ng'oma, nati yambani.

Anaimba. A Valentim anaponda mpaka katoni imodzi ya mazira inagwa pakhoma. Atatha, Flávio anabwezera kuti amve.

Wuuuu-bubububu-wuuuu.

Inali ngati kamiyau ikudutsa pa mlatho wa matabwa iwe uli pansi pake. Phazi lamanja silimadziwika, lamanzere silimadziwika, mawu a Zita amamveka patali ngati munthu wagwera m'chitsime.

"Ndi ine ameneyo?" anafunsa a Valentim.

"Ndinu, titiyo. Ng'oma zanu zimalira nthawi yaitali. Koyamba kusanathe kulira, kwachiwiri kwafika kale, kwachitatu kwakwera pamwamba. Panja pa ukwati mphepo imatenga zotsalazo. Muno zilibe kopita. Koma musadandaule, taonani."

Anagwira kambewa ka komputadoro, tiki tiki tiki, nkumaika timabokosi ting'onoting'ono pamzere. Atadina, m'makoluna, mabokosi aja otulutsa mawu, munatuluka ng'oma yoyera, dudududu, iliyonse payokha ngati mazira m'dengu. Mawu a Zita anakhala pamwamba pake bwinobwino. Ndi pamenepo pamene anapendeka khosi, chala m'mwamba.

"Komputadoro silakwitsa, titiyo. Inu mungopuma, muziimba pa maukwati. M'nyimbomu ndiika izi."

José anagwedeza mutu, monga mwa nthawi zonse. Zita anayang'ana pansi, ndipo a Valentim anaona kuti zamukomera. Chimenecho ndiye chinawalasa kuposa mawu a Flávio.

"Tsono wina akamva pa radiyo, adzati akuponda ndani?"

"Dzina tilemba lanu, titiyo."

"Dzina langa, phazi nkukhala chala chako?"

Zita anakanda kukhosi.

"Mano Flávio, m'bale wanga, palibe njira ina? Nkhalambayi ikapanda kulowa m'nyimbo itilodza tonse, ine ndikuidziwa."

Flávio anakanda m'mutu. Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi padi, kang'oma kamagetsi ka mphira, kamene mnzake wa ku Tete angamubwereke pamodzi ndi mapedalo ake achitsulo. Yachiwiri ndi sensoro, kachitsulo kozungulira kokhala ndi waya, komata pachikopa cha ng'oma yeniyeni. Zonse ziwiri sizimva mawu, zimangomva kugunda, nkuuza komputadoro kuti apa wamenya, ndipo wamenya mwamphamvu chonchi. Komputadoroyo nkuikapo mawu a ng'oma yoyera ija.

"Mubwere Lachisanu tiyese, musankhe nokha. Loweruka tijambule. Lolemba ine ndikupita ku Tete, ndikakhala miyezi iwiri. Zikakanika Loweruka, titiyo, ndiika zanga zija, musadzandide."

Lachisanu padi inafika pa shapa, itakulungidwa m'kapulana, chitenje chija, ngati khanda. A Valentim ataiona anayang'ana Flávio, nayang'ananso padi.

"Amake atsala m'mbuyo?"

Kanali kanthu kakang'ono ngati mbale yodyera mwana, kakuda, koima pa kamwendo kachitsulo. Anavula nsapato, pakuti iwo ng'oma amaponda ndi phazi losavala, nakhala pansi. Flávio anawaveka mafone m'makutu. Atangoponda, m'makutumo munaphulika DUU! mpaka anatembenuka kuona ngati wina wagwetsa chitseko. Koma kwa Zita ndi José, amene analibe mafone, kumangomveka tchapu, tchapu, tchapu, ngati munthu akuchapa thewera pamwala.

"Pitirizani asuweni," anatero Zita, "mukamaliza muchapenso zanga."

Anayamba kuthamanga. Padi nayo inayamba kuthamanga. Kuponda kulikonse imasendera kutsogolo pa simenti, iwo nkumaitsatira ndi mpando, khwee, khwee, mpaka pakati pa nyimbo anali atafika pakhomo. Mapedalo achitsulo aja anali opepuka mopusa, ukangoganiza zoponda aponda kale. Komanso pa kambale kameneko mitu iwiri yomenyera simakwana bwino. Wamanja umagwa pakati nkumveka, wamanzere umagwa m'mphepete, nthawi zina nkumveka, nthawi zina ayi. Choipitsitsa sanachinene. Mphira ija inali youma gwa. Chikopa chimalandira phazi, mphira imalibweza, ndipo kubweza kulikonse kumakathera m'bondo muja ngati singano.

"Iyi ayi," anatero, akupukuta nkhope. "Bweretsa tizitsulo tako."

Masensoro anali awiri okha, opanga Flávio yemwe. Tizitsulo take anatichotsa m'mawotchi akufa aja olira m'mawa, nawotcherera mawaya. Kalikonse kanali ngati chitsekerero cha botolo. Anamata kamodzi pa ng'oma iliyonse ndi fitakola, tepi yomatira ija, chakumtunda kwa chikopa, nalumikiza mawaya ku kabokosi kopita ku komputadoro. A Valentim anakhala pa mapedalo awo a matabwa, mtima unakhala pansi. Anaponda kamodzi.

Du-du-du.

"Ndaponda kamodzi ine."

"Ndaona, titiyo. Pondaninso."

Du-du-du-du. Ndipo ng'oma yamanzere, imene sanaikhudze nkomwe, nayo inayankhira, du.

"Makina akowa ndi a bodza ngati mboni ya mlandu wa mbuzi."

Flávio anagwada, nakanikiza chikopa ndi chala. Chinalowa ngati mimba ya munthu wanjala.

"Si bodza. Chikopa chakhwefuka ndi kuzizira. Mukamenya chimanjenjemera, sensoro imawerenga kunjenjemera konseko. Chikufunika kukungidwa, ndipo m'katimo tiikemo nsalu kuti chisamalire nthawi yaitali. Ng'oma za kusitolo timakunga ndi shavi, kasipanala kake. Zanuzi ndi za misomali, ndizikunga bwanji ine?"

Anayesa kupotokola timabatani mpaka dzuwa linapendeka. Akachepetsa kuti isamve kunjenjemera, imasiyanso kumva phazi lamanzere. Akaonjezera, imamva ngakhale José akatsokomola. Anasiyana osagwirizana kanthu, ng'oma nkuzisiya komweko, masensoro ali chimatire.

Kunyumba a Berta anawapeza atakhala pakhonde, mwendo atautambasula. Anabwera ndi madzi otentha ndi kansalu.

"Zavuta pati, bambo?"

"Akuti chikopa chakhwefuka. Akuti chilibe pokungira."

A Berta anasiya kuthowa.

"Inu, zaka zonsezi mumakunga ndi chiyani pa maukwati? Mwalowa m'nyumba ya magetsi masiku awiri, moto mwauiwala?"

A Valentim anawayang'ana akazi awo ngati akuwaona koyamba. Zoonadi! Ng'oma ikazizidwa amaiwothetsa moto, mwana aliyense wa kuno amadziwa. Kungoti m'kachipinda ka makatoni muja, pakati pa mawaya, nzeru za kumudzi zinachita manyazi kulowa.

Loweruka analawirira onse awiri pa shapa, a Berta atafunda bulangete, pamutu mtolo wa mapesi. Kobradoro, kondakitala wa shapayo, anafunsa ngati ku Ulongwe kwayamba kusowa zinyalala. Anafika chifunga chisanachoke. Anapeza Flávio akutuluka, akuti magetsi atsala pang'ono kutha, akukagula ena.

"Lowani, titiyo, ndikubwera pompano. Musakhudze komputadoro."

Komputadoro sanaikhudze. Anangozula mawaya ku kabokosi kaja mwaulemu, nanyamula ng'oma zonse ziwiri kupita nazo panja. A Berta anakoleza mapesi, moto unati lawilawi. A Valentim anagwira ng'oma yoyamba, nalozetsa chikopa kumoto, nkumaizunguza pang'onopang'ono monga amachitira nthawi zonse, dzanja likusisita, chala chikugogoda, khutu lili tcheru. Bu. Bu. Bum. Bum. Mawu amakwera, nkhope yawo nayo imakwera. Za kachitsulo komata paja sanaganizeko. Kwa iwo chitsulo ndi chitsulo, chiopa moto chifukwa chiyani?

"Bambo," anatero a Berta, mphuno ili m'mwamba, "simukumva kununkha?"

Fitakola inali itafwanyala ngati tsamba la fodya. Waya unasungunuka nkumadontha, ndipo iwo akuti agwire, kachitsulo kaja kanangoti thapwi, m'moto. Anakavuula ndi kamtengo kali bii, waya uli padera.

Flávio anafika nthawi yomweyo, Zita ndi José ali m'mbuyo mwake.

"Epa! Titiyo! Mwatani?"

"Ndimakunga ng'oma."

"Ndinati tikunge, sindinati tiphike! Mwawotcha sensoro! Ina ndilibe, mawotchi akufa sagwa kumwamba!"

Zita anagwira m'mimba, nkukhala pansi pa mwala.

"Mayo ine! Asuweni, mukanatiuza tikanabwera ndi mchere!"

Koma ataona nkhope ya a Valentim kuseka kunamuthera pakhosi. Iwo anali chiimire ndi kamtengo m'manja, akuyang'ana kachitsulo kopsako. Flávio anaponya manja m'mwamba, nati basi, ng'oma ziwiri sensoro imodzi sizitheka, tsiku ndi lomweli, aika zake zija. Analowa m'nyumba. José anagwedeza mutu.

A Valentim anawerama, nagogoda chikopa chotentha chija ndi chala. Bim! Chinayankha mwachangu, mawu afupi, olimba. Anagogodanso.

"Flávio, mwanawe. Tatulukanso. Ndalakwa, ndavomera. Koma tachotsa kachitsulo katsalako, umate apa isanazizire. Kamodzi kokha. Zikakanika ndikwera shapa."

Flávio anatuluka akung'ung'udza, koma atakanikiza chikopacho ndi chala anasiya kung'ung'udza. Anathamanga nayo m'kati, namata sensoro ija.

"Nsalu! Tiikemo nsalu!"

A Berta anavula bulangete lawo. A Valentim analilandira, naima nalo kaye. Ng'oma imeneyi anaipanga kuti izimveka kutsidya kwa dambo, lero aitseke pakamwa ndi manja awo omwe? Anapumira m'mwamba, nalikankhira pa chibowo chakumbuyo mpaka linakagunda chikopa. Ataponda, m'chipindamo munangomveka phu, ngati munthu wamenya pilo. Koma m'makoluna munatuluka DU. Kamodzi. Anaponda kawiri, du du. Anathamangitsa phazi kakhumi, pa galasi la komputadoro panatuluka timabokosi khumi, osaonjezera, osachotsera.

Flávio anavula chipewa.

"Titiyo, motowu munauphunzira shikola iti?"

"Siya zimenezo. Phazi linalo tilitani?"

Anayesa kuika mapedalo onse awiri pa ng'oma imodzi, koma zitseko za khola zija sizinakwane. Panatsala njira imodzi, phazi limodzi pa ng'oma ya sensoro, linalo pa padi ija ndi pedalo imodzi yachitsulo. Mutu umodzi wokha pa kambale kaja umagwa pakatikati, vuto la m'mphepete latha.

"Lamanja likhale pa ng'oma yanu," anatero Flávio, "ndilo limatsogolera. Lamanzere pa padi."

"Ayi. Lamanzere pa chikopa."

"Chifukwa?"

A Valentim anayang'ana a Berta. A Berta anayang'ana kudenga. Ndiye anapinda buluku lakumanzere pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa bondo. Linali ngati papaya, lonyezimira. Zita anaika dzanja pakamwa.

"Asuweni! Chiyambire liti? Bwanji osanena?"

"Ndikanakuuza ukanandipekera nyimbo ya maliro, nkuijambulanso pompano. Mphira ija imabweza, bondoli silingapirire nyimbo zinayi. Wamanja ndi wamoyo, uvutike ndiwo."

Zita sanayankhe chipongwe, koyamba chibadwire. Anangotenga kapulana wake, naupinda, nawaikira pampando.

Padi kuti isathawenso anaitchinga ndi buloko ya simenti, koma buloko nayo imasendera. Mapeto ake a Berta anakhala pa bulokoyo, manja pamiyendo, nkhope ngati ali pa misa. Flávio anakweza dzanja, nati tiyeni.

Dugudugudugu-du!

Inu, munayamba mwaona munthu akuyenda phazi lina pamchenga lina pamwala? Ndi mmene anaimbira poyamba. Nyimbo yoyamba anaibwereza katatu. Koma miyendo imene yakwera zitunda za ku Lifidzi zaka makumi atatu siichedwa kuphunzira msewu. Kachinayi inagwirizana, ndipo José, José yemwe uja, anamwetulira.

Vuto linali lakuti chikopa chimazizira nyimbo ikangotha, makina nkuyambanso bodza lawo. Ndiye ntchito inakhala iyi. Flávio amatule sensoro ndi manja ake, aiike m'thumba la malaya, abane batani la thumbalo. Zita asolole bulangete. José anyamule ng'oma kupita nayo panja. A Berta atsike pa buloko akakoleze mapesi. A Valentim aiwothetse, kenako onse liwiro kubwerera m'kati isanapole. Amayi a pamsika anasiya malonda nkumaonerera. Pofika nyimbo yachitatu, amene amagogoda chikopa pamoto anali Flávio yemwe, khutu atalitchera, utsi uli m'maso.

"Yapsa, titiyo?"

"Pang'ono. Zunguza. Usaiyandikize, si chimanga."

Nyimbo yachinayi ndiyo inali yothamanga kwambiri. Pakati pake a Berta anaona amuna awo aluma mlomo, mtsempha wa pakhosi uli njo. Sanaime. Anafika nayo kumapeto, du!, nakhala maso ali chitsinzire, manja onse awiri atagwira bondo. Mapesi nawo anali atatha.

Chakumasana anakhala pansi kuti amve. Ng'oma zinatuluka zoyera, phazi lililonse palokha. Koma Flávio anali atayandikiza nkhope pa galasi.

"Taonani apa. Mizere iyi ndiyo nthawi yeniyeni. Lamanja likugwa pamzere. Lamanzere, paliponse, likugwa kumbuyo pang'ono. Pang'ono zedi, ngati tsitsi. Koma ndikonza, ndi batani limodzi."

Anadina. Timabokosi tonse tinalumphira pamizere, ndondondo ngati asilikali. A Valentim anamvetsera, nayang'ana mapazi awo. Zinali zokoma, sangakane. Zinalinso chimodzimodzi ndi zija za kambewa za Lachiwiri. Ndiye moto wonse uja, bondo lonse lija, zinali za chiyani? Koma atawotcha kale sensoro ya mwini, pakamwa panawalemera. Anangoti, "Wadziwa ndiwe."

Panatsala kuti Zita aimbenso mawu ake bwinobwino pamwamba pa ng'omazo. Anavala mafone, nayamba. Mzere wachiwiri anapunthwa. Anayambanso, anapunthwa pomwepo. Kachitatu mpweya unamuthera pakati pa liwu, nakhosomola. Anavula mafone.

"Mano Flávio, wachita chiyani? Ng'oma iyi ikundikankha kumsana ngati kobradoro."

"Ndangoiwongola, mana."

"Ipindenso. Ine zaka khumi ndi ziwiri ndimapumira pamene nkhalambayi yachedwa. Wanditsekera popumira."

"Koma pamzere..."

"Mzerewo ndiwo uimbe, ine ndikhale pansi."

Flávio anayang'ana José kuti amuthandize. José anagwedeza mutu, koma palibe anadziwa kuti akugwedezera mbali iti. Flávio anadina batani lobwezera, timabokosi tamanzere tinabwerera m'malo mwake, kumbuyo pang'ono ngati tsitsi. Zita anaimba nyimbo yonse ulendo umodzi osapunthwa.

Panali malo awiri okha, m'nyimbo yachinayi, pamene phazi lamanzere silinagunde nkomwe, panangokhala dzenje. Flávio anawaonetsa mwaulemu, osakweza chala.

"Apa ndi apa, titiyo. Ndisiye?"

A Valentim anamvetsera kawiri.

"Apo bondo linandiluma. Pamenepo pokha tseka ndi kambewa kako. Kwinako usakhudze."

Dzuwa likupendeka anali onse pakhonde la situdiyo, koluna imodzi ataitulutsa panja. Nyimbo imalira, amayi a mapau akuvina ndi mabeseni pamutu, wina wa njinga anaima nkufunsa ngati amenewo si a Chigayo. A Valentim anali atakhala pa buloko ija, mwendo wamanzere atausanjika pa ng'oma, a Berta akukung'untha bulangete lawo lonunkha utsi ndi mgolo. Chala cha a Valentim chimagunda pa ntchafu, kutsatira.

Zita anabwera nakhala pambali pawo, nawagunda ndi chigongono. Lumo lija linali litabwerera.

"Koma amuna anga, tandiuzani zoona. Ng'oma yanu inali ndi bulangete kukamwa. Phazi lina linali pa mphira ya eni ake a ku Tete. Mawu akumvekawa ndi a m'makina a Flávio. Tsono chanu m'menemu n'chiyani? Phulusa lili apoli?"

A Valentim anadikira mpaka ng'oma zitadutsa pothamanga paja, dugudugudugu-du, ndiye anakonza chipewa.

"Iwe Zita, ukakhala m'nyumba nkumva munthu akubwera kuseri, sufunsa kuti nsapato wabwereka kwa yani. Umangoti, awo ndi a Valentim, bisani nyama."